Half-life ya mapiritsi a azakhali anga

Ndikamaphunzitsa half-life ku Fomu 4, ambiri a inu mumaiona ngati nkhani ya uranium basi, yoloweza kuti mukakhoze MSCE kenako n'kuiwala. Ine ndikafika pa mutu umenewu ndimakumbukira azakhali anga, omwe amagulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Biriwiri.

Atawapeza ndi matenda a shuga, kuchipatala anawapatsa mapiritsi a metformin oti azimwa m'mawa ndi madzulo. Patangotha miyezi ingapo ludzu losatha lija linachoka, usiku anasiya kudzukadzuka kukataya madzi, ndipo mphamvu zinabwerera. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mwana wanga, inetu ndachira. Mapiritsiwa ndimwerenjinso?" Ndinaganiza kuti akuseka. Anasiyadi.

Tiyeni tione chimene chinachitika m'magazi mwawo. Nsima tikadya imasanduka shuga wotchedwa glucose, ndipo insulin yochokera ku kapamba ndi imene imathandiza shugayo kulowa m'maselo kuti akhale mphamvu. Pa matenda a shuga a mtundu wachiwiri, omwe ndi ofala kwa akuluakulu, thupi silimvera bwino insulin, ndiye shuga amangodzadza m'magazi. Metformin imachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa komanso imathandiza thupi kumvera insulin. Imagwira ntchito ikakhala m'thupi, koma sichotsa matendawo.

Apa ndiye pakubwera fizikisi yathu. Impso zimasefa metformin n'kuitaya mumkodzo, ndipo half-life yake m'magazi ndi pafupifupi maola 6. Werengerani nokha: pakatha maola 6 yatsala theka, maola 12 yatsala 1/4, tsiku lathunthu yatsala 1/16. Pakatha masiku awiri ndi 1/256, tinene kuti palibe chilipo. Nambalayi siyokhazikika ngati ya uranium, chifukwa imadalira mmene impso za munthu zikugwirira ntchito, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Choncho azakhali ankamva bwino chifukwa mankhwala anali m'thupi, ndipo pasanathe sabata anali atatheratu.

Choipa n'choti shuga akakwera sapweteka tsiku lomwelo. Amawononga pang'onopang'ono timitsempha ta magazi ta m'maso ndi mu impso, komanso minyewa ya m'mapazi imene imatithandiza kumva ululu. Azakhali anabayidwa ndi waya pachala chakuphazi osamva kanthu. Anadzazindikira balalo litayamba kutuluka mafinya. Mwamwayi anathamangira kuchipatala, chala chinapulumuka, koma anakhala milungu ingapo osapita kumsika.

Mapiritsi okha sakwanira ngati shuga akulowa wambiri kuposa amene thupi lingakwanitse. Pano amadya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda yochepa, ndiwo zamasamba zambiri. Zakumwa zotsekemera anasiya. Za tchipisi timakanganabe.

Samalaninso ndi mbali inayi. Amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide akadumpha chakudya, shuga akhoza kutsika kwambiri, pansi pa 4 mmol/L. Munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, nthawi zina n'kumalankhula zosamveka ngati waledzera. Ngati akutha kumeza, m'patseni madzi a shuga msanga, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matendawa. Ndiye m'kalasi mwathu muno sipangalephere wina amene ali ndi kholo kapena agogo omwa mankhwala otere. Ine ndinangowatchera azakhali alamu pafoni, 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Amadandaula kuti imawasokosa, koma amamwa.

Funso la sabata ino: munthu wamwa piritsi lomaliza Lachisanu 6 koloko madzulo. Pofika Lamlungu 6 koloko m'mawa, ndi gawo lanji la mankhwala limene latsala? Musaiwale kuonetsa njira.