Kodi Mumadziwa? Nyimbo ya Ukwati Ija Inachokera m'Sewero

Nyimbo imene imalira m'matchalitchi ambiri akwati akamatuluka, yotchedwa Wedding March, inachokera m'sewero la William Shakespeare.

Nkhani yake inayamba m'nyengo yotentha ya chaka cha 1826 ku Berlin. Felix Mendelssohn, mnyamata wazaka 17, anali atawerenga sewero la A Midsummer Night's Dream lomasuliridwa m'Chijeremani, ndipo linamugwira mtima moti pofika pa 6 Ogasiti anali atamaliza kupeka nyimbo yotsegulira sewerolo. Mukatchera khutu, mumva mavayolini akuthamanga monong'ona ngati timizimu ta m'nkhalango, kenako mwadzidzidzi bulu walira! Ameneyo ndi Bottom, mmisiri woluka nsalu yemwe mutu wake unasandutsidwa wa bulu. Kuti mwana wa msinkhu umenewo aliritse zoimbira ngati bulu, nyimbo n'kukomabe, panafunika luso ndithu.

Wedding March inabwera mochedwa, mu 1843, Mfumu Frederick William IV ya ku Prussia itapempha Mendelssohn kuti awonjezere nyimbo zina za sewerolo. Inafala kwambiri itaimbidwa pa ukwati wa mwana wamkazi wa Mfumukazi Victoria ku London mu 1858.