Paipi ya mafuta ikaphulika ndege ili m'mwamba

Amene anaonapo lole ya tipa ikukhuthula mchenga anaiona kale hydraulic ikugwira ntchito. Pampu imakankha mafuta m'mapaipi, mafutawo n'kudzutsa katundu woti amuna makumi awiri sangamusunthe. M'ndege zikuluzikulu namonso ndi mafuta, opanikizidwa kwambiri, nthawi zambiri kufika pa 3,000 psi, amene amasuntha zigawo za mapiko ndi za kumchira, kutsitsa matayala ndi kugwira mabuleki.

Ndiye ife a ntchito za ndege funso silitiphonya: nanga paipi ikaphulika muli m'mwamba?

Opanga ndege anaziganizira kale. Airbus A320 ili ndi mizere itatu ya mafuta yosasakanikirana, yomwe anaitcha mayina a mitundu, green, blue ndi yellow. Injini zonse zitazima, kachipangizo konga fani kobisika kumimba kwa ndege kamatuluka, mphepo n'kumakazunguza kuti kapope mafuta a mzere wa blue. Boeing 737, yomwe imatera pa mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka, ili ndi mzere A, mzere B ndi wina wongodikirira, kuphatikizapo nsambo zachitsulo zoti woyendetsa n'kuwongolera ndi mphamvu za manja ake, ngakhale thukuta limatuluka.

Nyali yochenjeza ikayaka, oyendetsa ndege awiri amagawana ntchito. Mmodzi amangosamala kuulutsa ndege, osacheukira kwina. Mnzake amatsegula buku la zangozi lotchedwa QRH n'kumawerenga mokweza mzere ndi mzere, ndipo batani lofunika salikhudza mnzake asanavomere. Pano zodalira kuloweza ayi. Pampu ya mzere wotayikawo amaizimitsa kuti isapse pozungulira popanda mafuta.

Ntchito yeniyeni ili pokonzekera kutera. Malinga ndi mzere umene wafa, zigawo za mapiko zochepetsera liwiro zingafunike kutsitsidwa ndi magetsi, mwapang'onopang'ono. Matayala amangowamasula kuti agwe okha ndi kulemera kwawo, koma akagwa chotero sabwereranso, motero kuphonya kutera koyamba kumadya mafuta ambiri a injini. Amawerengeranso kutalika kwa msewu woterapo, ndipo ukachepa amapatukira ku bwalo lina. Apaulendo akaona magalimoto ozimitsa moto atandandalika m'mbali mtima umawathawa, komatu nthawi zambiri amakhala akungodikira kuona ngati mabuleki atentha.

Zoti mizere yonse ife pamodzi n'zapatalipatali, koma zinachitikapo. Pa 19 July 1989, DC-10 ya United Airlines inanyamuka ku Denver kupita ku Chicago ndi anthu 296. Injini ya kumchira inaphulika, zidutswa zake n'kudula mizere itatu yonse. Kaputeni Al Haynes anapeza chiwongolero chili lende, ndege ikupendekera kumanja, ndipo m'buku munalibe tsamba la vuto lotere. Mwa apaulendo munali Dennis Fitch, mphunzitsi wa oyendetsa DC-10. Haynes sanachite manyazi kumulandira. Fitch anagwira zowonjezera moto wa injini ziwiri zotsalazo: akawonjezera kumanzere, ndege n'kukhotera kumanja, akawonjezera zonse, mphuno n'kudzuka. Anafika motero pa bwalo la Sioux City, ku Iowa, koma liwiro linali lalikulu zedi. Phiko lakumanja linagunda pansi, ndege n'kusweka ndi kuyaka. Anthu 184 anapulumuka. Kwa ine, chimene Haynes anachita bwino kuposa zonse ndi kumvera anzake m'chipinda choyendetsera ndege.

Pambuyo pa ngoziyi, ndege za DC-10 anaziika valavu yotseka mafuta kuti mzere umodzi usakhuthuke wonse kumchira kukawonongeka. Ndipo pa 22 November 2003, Airbus A300 yonyamula katundu wa DHL itaomberedwa ndi mzinga pochoka ku Baghdad n'kutaya mizere yonse itatu, oyendetsa ake anaibweza ndi injini zokha. Inatera n'kupatuka pa msewu, kukaima m'mchenga, onse atatu ali moyo.