Laputopu yakale: mugule ina kapena muikemo Linux?

Windows ndi Linux ndi mapulogalamu aakulu amene amayendetsa kompyuta yonse. Anthu amakangana kuti yabwino ndi iti, koma ine ndimati nkhani yagona m'thumba.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025. Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe.

Ndiye laputopu yakaleyo muitaye? Ayi ndithu. Linux Mint ndi yaulere, imayenda bwinobwino pa makina otere, ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera ntchito za kusukulu. Chovuta chake, Photoshop ilibe mtundu wa Linux.

Musanavutitse makolo kuti agule yatsopano, lembani kaye mapulogalamu amene mumagwiritsadi ntchito.