Kusamutsira masiteshoni a setilaiti ku cloud

Kusamutsira masiteshoni a setilaiti ku cloud ndi njira yoyendetsera mbali ya pansi ya ntchito za setilaiti pogwiritsa ntchito makompyuta obwereka a m'malo akuluakulu osungiramo deta, m'malo mwa makina amene mwini setilaiti amagula n'kuika pa siteshoni yakeyake. Mawu oti cloud amatanthauza makompyuta a kampani ina amene munthu amawagwiritsa ntchito kudzera pa intaneti n'kulipira malinga ndi mmene wawagwiritsira ntchito. Njirayi yafala kwambiri kuyambira cha m'ma 2018.

Ntchito ya siteshoni ya pansi

Setilaiti iliyonse imadalira anthu ndi makina a pansi pano. Siteshoni imatumiza malangizo ku setilaiti, imalandira malipoti osonyeza ngati mabatire ndi zipangizo zina zili bwino, ndiponso imatsitsa zithunzi, mauthenga a foni kapena miyezo ya nyengo. Masiteshoni akale monga Goonhilly ku England, imene inalandira zithunzi za TV kudzera pa setilaiti ya Telstar mu 1962, Mwembeshi ku Zambia ndi Kanjedza ku Blantyre anamangidwa mofanana: dishi yaikulu panja, ndipo m'nyumba yoyandikana nayo muli mizere ya mamodemu ndi makina ena olumikizidwa ndi mawaya. Makina aliwonse ankagwira ntchito imodzi yokha, ndipo kusintha kachitidwe ka zinthu kunkafuna kugula ena atsopano.

Dongosolo limeneli linkayenda bwino ndi masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator. Amenewa amazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, choncho amaoneka ngati aima malo amodzi ndipo dishi imangolozetsedwa kamodzi. Masetilaiti ouluka m'munsi ndi osiyana. Setilaiti imene ili pa makilomita 500 imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 95, ndipo siteshoni imodzi imaiona kwa mphindi 10 kapena zochepera, kangapo kokha pa tsiku. Nthawi yotsalayo dishi yodula imangokhala, pamene zithunzi zikudikira m'mwamba kuti setilaiti idutsenso. Kampani yaing'ono yofuna deta yake msanga inkafunika madishi m'makontinenti angapo, chinthu chimene makampani ambiri sakanakwanitsa.

Zimene zimasamuka ndi zimene zimatsala

Dishi singasamukire ku cloud. Imatsala pamalo pake pamodzi ndi zokuzira mphamvu ya mafunde ndi mamota oitembenuza. Chimene chimasamuka ndi ntchito yomasulira mafundewo. Pafupi ndi dishi amaikapo kachipangizo kamene kamasandutsa mafunde a wailesi kukhala manambala, ndipo manambalawo amatumizidwa pa chingwe cha faiba kupita kumalo osungirako deta. Kumeneko pulogalamu ya pakompyuta imagwira ntchito imene modemu yachitsulo inkagwira. Setilaiti ikadutsa, pulogalamuyo imazimitsidwa ndipo makompyutawo amapatsidwa kwa kasitomala wina.

Poyamba kampani iliyonse inkalongedza manambalawa m'njira yakeyake, moti zipangizo za makampani osiyana sizinkamvana. Mu 2021 makampani angapo anakhazikitsa bungwe la DIFI Consortium, limene linatulutsa muyezo umodzi wochokera pa muyezo wakale wotchedwa VITA 49.

Makampani

Kubwereketsa madishi kunayamba cloud isanatchuke. Kampani ya ku Norway ya Kongsberg Satellite Services, kapena kuti KSAT, imayendetsa siteshoni ya SvalSat pa zilumba za Svalbard, pa madigiri 78 kumpoto. Chifukwa choti malowa ali pafupi ndi nsonga ya dziko, setilaiti yodutsa kumpoto ndi kumwera imaoneka maulendo onse 14 amene imazungulira pa tsiku. KSAT ilinso ndi siteshoni ya TrollSat ku Antarctica.

Amazon Web Services inalengeza AWS Ground Station mu Novembala 2018 ndipo inayamba kulandira makasitomala onse mu Meyi 2019. Kasitomala amasungitsa nthawi ya dishi pa intaneti, amalipira pa mphindi iliyonse, ndipo deta imafikira m'makompyuta a Amazon momwe angayambe kuisanthula nthawi yomweyo. Imodzi mwa masiteshoni ake ili m'dera la Cape Town ku South Africa. Microsoft inalengeza Azure Orbital mu Seputembala 2020, koma inasiya ntchito ya masiteshoniyi chakumapeto kwa 2024. Zimenezi zinasonyeza vuto limene otsatsa malonda sakonda kulitchula: amene wamanga ntchito yake yonse pa madishi a kampani ina amafunika kusamuka mwiniwakeyo akasintha maganizo. Makampani ang'onoang'ono monga Leaf Space ya ku Italy ndi RBC Signals ya ku United States nawonso amagulitsa nthawi ya madishi.

Zovuta zake

Vuto loyamba ndi kuchuluka kwa manambala. Mafunde osamasuliridwa amadya malo ambiri pa chingwe kuposa uthenga umene ali nawo. Mwachitsanzo, mafunde otambalala ma MHz 500 amafuna miyezo yosachepera 500 miliyoni pa sekondi, ndipo ngati muyezo uliwonse utenga ma bit 16, chingwe chiyenera kunyamula ma gigabit 8 pa sekondi popanda kudukiza. Siteshoni ya kumalo kumene faiba ndi yodula kapena imadukaduka singakwanitse zimenezi, n'chifukwa chake ena amaika makompyuta ochepa pafupi ndi dishi kuti amasulire mafunde pomwepo, n'kutumiza ku cloud uthenga wokhawokha.

Mtengo nawonso sutsika nthawi zonse. Kulipira pa mphindi kumathandiza yunivesite imene ili ndi setilaiti imodzi yaing'ono, koma kampani imene dishi yake imagwira ntchito usana ndi usiku, monga youlutsa TV, kawirikawiri imapindula ikakhala ndi yakeyake. Malamulo a dziko sasintha chifukwa cha cloud: dishi iliyonse yotumiza mafunde imafunika chilolezo cha dziko limene yaikidwamo, ndipo maboma ena salola kuti zithunzi kapena malangizo a masetilaiti awo adutse m'makompyuta a kunja.

Pa nkhani ya chitetezo akatswiri sagwirizana. Ena amati makampani akuluakulu a cloud amateteza makompyuta awo bwino kuposa mmene siteshoni yaing'ono ingachitire, pamene ena amati kulumikiza malangizo a setilaiti ku intaneti kumatsegulira akuba khomo lina. Onse amavomereza kuti mbali ya pansi ndi imene imaukiridwa mosavuta. Pa 24 Febuluwale 2022, tsiku limene Russia inalowa mu Ukraine, achiwembu analowa m'makompyuta a pansi oyendetsera netiweki ya KA-SAT ya kampani ya Viasat n'kuwononga mamodemu masauzande ambiri a makasitomala. Netiwekiyo sinali ya mtundu wobwereka umene wafotokozedwa pamwambapa, ndipo setilaiti yeniyeniyo sinakhudzidwe, komabe ku Germany makina opangira magetsi ndi mphepo okwana 5,800 a kampani ya Enercon analeka kulumikizana ndi owayang'anira.