Kodi Maina a Mowa Wosakaniza Amacokera Kuti?

Amene munapitako ku madyerero a ukwati m'mahotela a mu Lusaka munaonapo pepala la zakumwa lodzala ndi maina acilendo. Umenewo ndi mowa wosakaniza umene azungu amati cocktail. Palibe lamulo la kaperekedwe ka mainawa. Wosakaniza amangotenga dzina la munthu, malo kapena maonekedwe a cakumwaco, basi dzinalo lakhazikika.

Akristu ambiri adzadabwa kumva kuti cimodzi ciri ndi dzina la wansembe. Bambo Félix Kir anali meya wa mzinda wa Dijon ku France kuyambira 1945 mpaka imfa yao mu 1968. Alendo akabwera, iwo anali kuwalandira ndi vinyo woyera wothira cakumwa cotsekemera ca tizipatso takuda tochedwa cassis. Zonse ziwiri zinali zocokera m'minda ya alimi a dera lao, ndipo mwa njira imeneyi anachukitsa zokolola za kwao. Lero wina akaitanitsa Kir, akuchula dzina la wansembeyo osadziwa.

Bellini anayambira mu Harry's Bar ku Venice. Giuseppe Cipriani anasakaniza mapichesi ophwanya ndi vinyo wa Prosecco, ndipo kufiirira kwake kunamkumbutsa zithunzi za Giovanni Bellini, katswiri wojambula oyera mtima.

Nanga Bloody Mary? Mitima ikhale pansi, dzinali silikhudza Amai Maria. Ndi vodka wosakaniza ndi madzi a matimati, wofiira ngati magazi. Ambiri amaligwirizanitsa ndi Mfumukazi Mary I ya ku England, imene inalamulira kuyambira 1553 mpaka 1558. Inali Mkatolika, ndipo mu ulamuliro wake Aprotestanti pafupifupi 280 anatenthedwa pamoto. Mbiri yowawa imeneyi ife Akatolika sitiyenera kuibisa, ngakhale ine ndimaona kuti malo ake si pa tambula ya mowa.

Koma dzina limene likundidetsa nkhawa ndi Long Island Iced Tea. Kumva cabe mungati ndi tiyi wozizira woyenera agogo ndi ana. Mulibe tiyi ngakhale dontho. Muli mitundu isanu ya mowa waukali: vodka, gin, rum, tequila ndi triple sec, kenaka amathira cola pang'ono kuti cioneke ngati tiyi. Kacasu kapena tujilijili, tumene boma linaletsa mu 2012, aliyense amadziwiratu kuti ndi moto. Ici cimatsekemera, cimatsika bwino pakhosi, ndipo munthu amazindikira pamene miyendo yakana kuima.

Conco makolo, wacinyamata akakuuzani kuti ku hotela anamwa tiyi cabe, mufunseni kuti tiyiyo dzina lake lonse ndani.