Ndalama yolowera mpikisano izioneka ntchito yake

Mvula ikangokata, makalata oitanira sukulu kumipikisano yothamanga amayamba kufika. Kumunsi kwa kalata iliyonse kumakhala mzere woti wopikisana aliyense alipire ndalama yolembetsera. Kwa ife aphunzitsi a m'sekondale za kumudzi kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje, mzere umenewu ndiwo umagamula ngati mwana waluso apite kapena atsale.

Sindikutsutsa zolipira ayi. Mpikisano umadya ndalama, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta a galimoto, mapepala ngakhale madzi a m'botolo zonse zidakwera. Funso langa ndi lakuti: kodi wolipirayo amalandira chiyani?

Kholo la kuno likapereka ndalamayi, ndiye kuti lagulitsa ndowa ya soya kapena mtedza pamsika wa Mitundu. Pamwamba pake pali ya kabaza, ya minibasi ndi ya kamba wa panjira. Chaka china ndidaperekeza ana asanu ndi mmodzi kumpikisano wina wothamanga m'tchire. Tidalipira zonse, koma panjira padalibe madzi akumwa, padalibenso wachipatala, ndipo zotsatira sitidazione mpaka lero. Mtsikana wina yemwe adafika m'gulu loyambirira adabwerera chimanjamanja, opanda ngakhale kapepala kosonyeza kuti adathamanga. Bambo ake atandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndalama ija idagwira ntchito yanji?" ndidasowa chowayankha. Chaka chotsatira mwanayo sadamulolenso kupita.

Pali masewero ena amene angatiphunzitse kanthu pankhaniyi. Dzina lake ndi orienteering, mpikisano wothamanga m'tchire motsogozedwa ndi mapu ndi kampasi. Adayambira pakati pa asilikali a ku Sweden zaka za m'ma 1800 zikupita kumapeto, ndipo mpikisano woyamba wa anthu wamba udachitikira ku Norway mu 1897. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, la International Orienteering Federation, lidakhazikitsidwa mu 1961. Ku Sweden kuli mpikisano wa masiku asanu wotchedwa O-Ringen, womwe udayamba mu 1965 ndipo umasonkhanitsa anthu zikwizikwi chaka ndi chaka.

Kaseweredwe kake n'kosavuta kumva. Wothamanga amapatsidwa mapu pomwe pazunguliridwa malo angapo. Pamalo aliwonse pamakhala kambendera koyera ndi kaolenji, ndipo iye ayenera kufika ponseponse motsata ndondomeko yake. Njira amasankha yekha: kaya adule pamwamba pa chitunda, kaya azungulire kudambo. Wopambana ndi amene wapeza malo onse m'nthawi yochepa, choncho miyendo payokha siikwanira ngati mutu sukugwira.

Ngakhale kumaiko kumeneko anthu amadandaula kuti zolipira zakwera, koma okonza amakhala ndi choloza. Mapu a masewerowa amajambulidwa mwapadera, kawirikawiri pamuyeso wa 1:10,000 kapena 1:15,000, ndipo wojambulayo amayenda m'nkhalango masiku ambiri kulemba miyala, maenje ndi tinjira. Pali kusindikiza, pali kupempha chilolezo kwa eni malo, palinso tizipangizo tojambula nthawi imene munthu wafika pakambendera kalikonse. Wopikisana amabwerera kwawo ndi mapu m'manja komanso nthawi yake yolembedwa. Ana nthawi zambiri amalipira yocheperapo kuyerekeza ndi akuluakulu.

Kwathu kuno chofananako ndi Porters Race ya paphiri la Mulanje, yomwe imayambira ndi kuthera pa Likhubula, kudzera ku Chambe ndi ku Lichenya, mtunda woposa makilomita 20. Idayamba ngati mpikisano wa onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phirimo, koma lero imakoka anthu ochokera kutali. Iyo si ya mapu, komabe ikutionetsa kuti mapiri athu ndi bwalo lamasewero lokwanira. Vuto ndi lakuti mwana wa ku Nathenje kuti akafike ku Mulanje, ya ulendo yokha imaposa kutali ya kulembetsa.

Nanga bwanji osayamba pakhomo pompano? M'phunziro la Geography ana athu amaphunzira kuwerenga mapu a 1:50,000, pomwe masentimita awiri amaimira kilomita imodzi. Amadziwa kupeza malo ndi manambala asanu ndi limodzi, amadziwanso kuti mizere ya makontuwa ikathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri. Koma ambiri amafika pamayeso a MSCE asadagwirepo mapu ali panja. Phiri la Bunda amaliona tsiku ndi tsiku, la Ngala nalo lili poonekera, koma mukawapatsa pepala kuti aloze pomwe aima, amangoyang'anana. Tsiku limodzi lofunafuna timbendera m'tchire lingawatsegule maso kuposa sabata zitatu za choko pabolodi.

Mpikisano wotere sulira zambiri. Aphunzitsi a Geography ndi a masewero a sukulu zoyandikana angathe kujambula mapu a dera laling'ono, n'kuwachulukitsa pafotokope. Timbendera angasoke telala wa pamsika ndi nsalu zotsalira. M'malo mwa zipangizo zamagetsi, pamalo aliwonse pakhale wophunzira wa sikauti wokhala ndi cholembera, azisayina kakhadi ka wothamanga. Nthawi yabwino ndi June kapena July, anthu atakolola, kuti ana asapondereze mbewu za eni ake. Mafumu afunsidwe kaye, chifukwa kuno kuli manda ndi madambwe omwe munthu salowamo chisawawa. Paja safunsa adadya phula. Ana azithamanga awiriawiri, ndipo pothera pakhale mlangizi wa zaumoyo ndi ndowa za madzi a pamjigo.

Zikatero, ndalama yolembetsera ikhale yowerengeka. Okonza alembe pakalata yoitanira kuti mwa ndalama imene mwana walipira, yakuti ndi ya mapu, yakuti ya madzi ndi chakudya, yakuti ya mankhwala, yakuti ya mphoto. Zotsatira zimatidwe pabolodi tsiku lomwelo anthu asadabalalike, ndipo aliyense womaliza alandire kapepala kokhala ndi dzina ndi nthawi yake. Pakatha sabata ziwiri, sukulu iliyonse ilandire lipoti la momwe ndalama zidayendera. Ngati gawo lalikulu likupita ku maalawansi a akuluakulu okhala pamthunzi, pomwe othamanga akumwa madzi a m'chithaphwi, pamenepo palibe masewero, pali malonda.

Muyeso womwewu ugwire pamipikisano yonse, kaya ndi ya m'mazoni a sukulu, kaya ndi ya m'tauni yomwe makampani amathandiza. Pomwe pali wothandiza ndi ndalama, oyamba kupepukidwa akhale ana a sukulu, makamaka ochokera kutali omwe alipira kale ya ulendo. A Malawi Schools Sports Association ndi a bungwe la zothamanga m'dziko muno angachite bwino kuika lamulo loti aliyense wotolera ndalama kwa ana azionetsa kagawidwe kake mpikisano usadayambe.

Makolo a kuno si oumira. Amasonkha ya njerwa, ya mlonda ndi ya mayeso oyeserera chifukwa amaona komwe ikupita. Akadzaona mwana akubwera ndi mapu m'manja, akuloza mtsinje ndi chitunda chomwe wadutsa, ya mpikisano nayo adzapereka mosanyinyirika. Aphunzitsi anzanga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, mutu umodzi susenza denga: tiyeni tikumane teremu ino, tijambule mapu athu oyamba, ndipo mtengo wolowera tiuike poyera pamodzi ndi zomwe udzagule.