Mwendo Ucira ndi Kuyenda

 Lero tikambe za munthu amene anathyoka fupa la nchafu, dotolo namcita opareshoni ndi kulunzanitsa fupalo ndi citsulo, ndipo tsopano wabwerera kunyumba.

Ambiri aganiza kuti nchito yonse inathera m'cipatala, ndi kuti cotsala ndico kugona. Si tero ai. Mnofu wosagwira nchito uyamba kufota m'masiku owerengeka, ndipo bondo losapindidwa liuma. Fupa likhoza kulunzana bwino, mwini wace nakhalabe wotsimphina. Coopsa koposa ndi ici: m'mwendo wongokhala magazi ayenda mocedwa, ndipo akhoza kuundana m'mtsempha. Magazi oundanawo akafika ku mapapo, munthu akhoza kufa.

Tsono citani izi, monga anakuonetsani kucipatala. Muli cigonere, gwedezani phazi, zala ziloze kumwamba, zilozenso pansi, kakhumi pa ora lililonse pamene muli maso. Kutero kuthandiza magazi kubwerera kumtima. Mukatha apo wongolani mwendo, kanikizani kunsi kwa bondo pamphasa, limbitsani nchafu, muwerenge kufikira 5, nimumasule. Terani kakhumi, katatu pa tsiku. Pambuyo pace kokerani cidendene ca kumatako pang'onopang'ono kuti bondo lipindike.

Yendani ndi ndodo zanu m'nyumba ndi pabwalo tsiku ndi tsiku, koma muponde ndi mphamvu yokhayo imene dotolo analola. Pokwera pakhonde utsogole mwendo wabwino. Potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wodwala.

Inu amai ndi abale, cifundo cisakucititseni kumcitira zonse wodwalayo. Imani pafupi naye poyenda, cotsani zopunthwitsa panjira, mumpatse nyemba, nsomba, mazira ndi ndiwo zamasamba. Fodya aleke, pakuti acedwetsa fupa kulunzana.

Kuwawa pang'ono pocita izi si kodabwitsa. Koma katumba akatupa ndi kuwawa, bala likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Mpweya ukacepa, m'cifuwa mukalasa, pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Fupa la nchafu lifuna miyezi 3 kufikira 6 kuti lilimbe. Kusowa ndalama kusakubwezereni pansi pa mgodi dotolo asanalole, mungathyokenso ndi kutaya nchito yomwe. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Tsalani bwino.